Kodi sukulu imamusiyira chiyani mwana amene sanasankhidwe?

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, kuno kuchigwa cha Shire timachita zimene anthu amachita kulikonse m'dziko muno. Timawerenga ana amene asankhidwa kupita ku sekondale, timatchula monyadira maina a ochepa amene apeza malo ku sukulu zogonera konko, ndipo aphunzitsi aakulu amene sukulu yawo yachita bwino amayamikiridwa pamisonkhano mpaka chaka chinzake. Sindikunyoza zimenezi, popeza inenso ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mtima wanga umakhala m'malo ndikaona mwana amene ndinamugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba atavala yunifolomu ya sekondale. Koma pali gulu lina lalikulu limene sitiliwerenga: ana amene anakhoza koma malo anachepa, amene analephera, ndi amene anasowa m'kalasi kalekale, ena ali Sitandade 4, ena ali Sitandade 6, n'kupita kukaweta ng'ombe, kukapalasa bwato, kukakwatiwa, kapena kukafuna ganyu m'minda ya nzimbe ku Nchalo. Ambiri mwa ana amenewa adzakhala m'midzi yathu ya Chikwawa ndi Nsanje moyo wawo wonse. Funso limene limandisowetsa mtendere n'lakuti, pa zaka zonse zimene anakhala m'manja mwathu, tinawasiyira chiyani?

Sindine woyamba kufunsa funso limeneli. Kwa zaka mazana angapo pakhala anthu oganiza mozama amene amanena kuti ntchito yoyamba ya sukulu si kukonzekeretsa mwana mayeso kapena ntchito ya malipiro, koma kumukuza kuti akhale munthu wathunthu, wodziwa kuganiza payekha, wotha kusiyanitsa chabwino ndi choipa popanda wina womuimirira ndi chikwapu, wodziwa kunena momveka zimene zili mumtima mwake, womva ululu wa mnzake, ndiponso wodziona kuti ndi wofunika ngakhale alibe satifiketi. Kaganizidwe kameneka pa Chingerezi amakatchula kuti humanistic education. Maziko ake ndi chikhulupiriro chakuti mwana ndi munthu kale, lero lomwe ali kutsogolo kwathu wopanda nsapato, osati pokhapokha akadzakhoza ndi kupeza ntchito. Ntchito, malipiro ndi chitukuko cha dziko sizikanidwa ayi, koma zimabwera pambuyo pa munthuyo, ndipo sukulu imene yapeza zimenezo poononga munthu imaonedwa kuti yalephera.

Kaganizidweka kanakula kwambiri ku Italy m'zaka za m'ma 1400. Aphunzitsi a nthawi imeneyo anaika patsogolo maphunziro asanu, omwe ndi galamala, luso la kulankhula pagulu, ndakatulo, mbiri yakale ndi nzeru za makhalidwe abwino. Ankawerengetsa ana mabuku akale a Chilatini ndi Chigiriki, osati chifukwa chakuti zilankhulozo zinali ndi mphamvu yapadera, koma chifukwa ankakhulupirira kuti wachinyamata amene wawerenga mmene anthu akale analimbanirana ndi nkhani za chilungamo, ulamuliro, ubwenzi ndi imfa adzatha kuweruza bwino nkhani za mzinda wake. Mu 1423 mphunzitsi wina, Vittorino da Feltre, anatsegula sukulu mumzinda wa Mantua ataitanidwa ndi banja lolamula la Gonzaga. Chimene chimandikopa pa sukulu imeneyo n'chakuti pamodzi ndi ana a mfumu ankaphunzitsanso ana a anthu osauka kwaulere, ankaphunzitsa ndi atsikana omwe, ndipo masewera olimbitsa thupi anali mbali ya phunziro osati chotayitsa nthawi. Patapita zaka pafupifupi zana, mu 1529, Erasmus wa ku Rotterdam anatulutsa kabuku kodzudzula aphunzitsi okonda kumenya ana, ndipo ananena kuti mwana amaphunzira bwino akamakonda mphunzitsi wake kusiyana ndi pamene akumuopa. Zaka pafupifupi 500 zapitapo, unduna wathu unaletsa kukwapula, komabe kamtengo kaja sikanatheretu pakona ya makalasi ambiri.

Amalawife tikamva za Chilatini ndi Chigiriki timakumbukira Kamuzu Academy, imene Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981. Sukuluyo inatengadi maphunziro aja a ku Ulaya, ndipo yatulutsa anthu ambiri odziwa zinthu. Koma inamangidwa kuti ilandire ana ochepa ochita bwino koposa, kotero siyankha funso langa, limene likukhudza otsala.

Zimene zinapatsa mphamvu kaganizidweka m'nthawi yathu ino ndi nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anthu anaona ndi maso awo kuti dziko la Germany, limene linali ndi mayunivesite otchuka, madokotala ndi mainjiniya aluso, linagwiritsa ntchito luso lomwelo kupha anthu mamiliyoni ambiri mwadongosolo. Zinaonekeratu kuti munthu akhoza kukhoza mayeso onse n'kukhalabe wopanda chifundo. N'chifukwa chake chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene mayiko anavomereza ku United Nations mu 1948, mu gawo 26, sichinangonena kuti aliyense ali ndi ufulu wophunzira, koma chinanenanso cholinga cha maphunzirowo, chomwe ndi kukuza umunthu wonse wa munthu ndi kulimbikitsa kumvetsetsana, kulolerana ndi ubwenzi pakati pa mitundu ndi zipembedzo. Mu 1996 komiti ya UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, imene ankaitsogolera Jacques Delors inafotokoza mfundo yomweyo pa mizati inayi: kuphunzira kudziwa, kuphunzira kuchita, kuphunzira kukhala pamodzi ndi ena, ndi kuphunzira kukhala munthu. Ndikayang'ana ndandanda ya maphunziro imene ili pakhoma la kalasi yanga, ndimaona kuti mzati woyamba wadya pafupifupi tsiku lonse, wachiwiri uli ndi kampata pang'ono, ndipo iwiri yotsalayo timangoyembekezera kuti idzimera yokha.

Aphunzitsi ambiri amene tinadutsa ku koleji timakumbukira dzina la Abraham Maslow, katswiri wa za maganizo wa ku America amene mu 1943 anafotokoza kuti zosowa za munthu zimasanjikizana: pansi pali chakudya, madzi ndi tulo, kenako chitetezo, kenako kukondedwa ndi kukhala ndi anzako, kenako ulemu, ndipo pamwamba pali kufika pachimake pa zimene munthuyo angathe kukhala. Tinaloweza zimenezi kuti tikhoze mayeso, koma tanthauzo lake ndinaliona bwino pamzere wa phala. Pa sukulu zimene zimalandira phala kuno, m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zili mbee ndipo mabanja ena akudya nyika zokumba m'dambo, ana amafika m'mamawa atanyamula makapu awo, ndipo tsiku limene ufa watha kalasi imachepa mooneka. Palibe mphunzitsi wa kuno amene angatsutse kuti mwana wanjala samva. Chimodzimodzinso chitetezo. Pambuyo pa madzi osefukira a Januwale 2015, amene anazinga dera la Makhanga, kenako anamondwe a Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, makalasi ambiri anasanduka misasa, ndipo sukulu zitatsegulidwa tinalandira ana amene mitambo ikangoda maso awo amakhala pazenera.

Komabe pali njira yolakwika yomvera Maslow imene ndimaimva kawirikawiri, ngakhale kwa anthu ofuna kuthandiza. Amati popeza ana a kuchigwa akusowa chakudya ndi pogona, nkhani za kuganiza payekha, ndakatulo ndi ulemu wa munthu zidikire kaye, ndi za ana a ku Blantyre amene adya kale. Ine ndimakana. Mwana amene wagona m'kalasi limodzi ndi mabanja ena ambiri, amene waona amayi ake akukankhana pamzere wolandira ufa, ndiye amene akufunika kwambiri kumva kuti pali wina amene amamudziwa dzina ndipo amafuna kumva maganizo ake. Ulemu sudikira kuti mimba ikhute. Tikadikira kuti njala ndi madzi osefukira zithe kuno kuti tiyambe kuona ana ngati anthu oganiza, mibadwo ingapo idzadutsa.

Munthu amene anafotokoza bwino za mphunzitsi mwiniwakeyo ndi Carl Rogers, nayenso wa ku America, amene anatulutsa buku lake la maphunziro mu 1969. Iye ankati ntchito ya mphunzitsi ndi kutsegulira njira kuphunzira, popeza kuphunzira kumene kumasinthadi munthu ndi kumene iye mwini wakufuna ndipo akuona kuti kukukhudza moyo wake. Anatchula zinthu zitatu zimene mphunzitsi wotere amakhala nazo. Choyamba ndi kukhala weniweni pamaso pa ana, osabisala kuseri kwa udindo, wotha kunena kuti funso ili yankho lake tikafufuze limodzi. Chachiwiri ndi kumulandira mwana monga alili ndi kumukhulupirira, ngakhale pamene ukudzudzula zimene wachita. Chachitatu ndi kuyesa kuona zinthu mmene mwanayo akuzionera. Palibe chimodzi mwa zitatuzi chimene chimafuna magetsi, laibulale kapena kompyuta, ndipo n'chifukwa chake sindivomereza kuti maphunziro otere ndi a mayiko olemera okha.

Ndinali ndi mnyamata wina mu Sitandade 5, wamkulu kuposa anzake chifukwa chobwereza makalasi, amene ankakhala kumbuyo kwenikweni ndipo tonse m'chipinda cha aphunzitsi tinkamudziwa ngati wosamva za m'kalasi. Kuwerenga kunkamuvuta, ndipo mphunzitsi akaloza chala pa iye ankangoyang'ana pansi mpaka funso lipite kwa wina. Nthawi ya madzi osefukira mnyamata yemweyu anathandiza amalume ake kuolotsa anthu pa bwato, ndipo sukulu itatsegulidwa anzake ndiwo ankasimba zimenezi, iye ali chete. Tsiku lina tikuphunzira za mitsinje ndinamupempha kuti auze kalasi mmene amadziwira kuti madzi akubwera. Anaimirira mwamanyazi n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, ndinene m'Chisena kapena m'Chichewa?” Ndinamuyankha kuti, “Nena mmene ungathere, mwana wanga, pamene tasochera anzako atimasulira.”

Analankhula nthawi yaitali kuposa mmene ndinamumverapo chiyambire. Anafotokoza kuti madzi oopsa amatha kubwera kuno kuli dzuwa, chifukwa mvula yake imagwa kumapiri kumtunda, ndipo chizindikiro chake ndi kusintha kwa mtundu wa madzi, zitsotso ndi zinyalala zoyandama zimene sizimera kuno, ndiponso mkokomo umene umamveka usiku. Anafotokoza mmene amazikira ndodo m'mphepete madzulo kuti m'mawa aone pamene madzi afika, ndi chifukwa chimene wopalasa sawolokera molunjika koma amayamba wakwera m'mbali. Kuchokera pa mawu akewo tinajambula pabolodi Shire, Ruo wochokera ku Mulanje, Mwanza ndi timitsinje totsika ku mapiri a Thyolo, ndipo ana anafunsa okha chifukwa chimene mchenga ukudzazira mitsinje, zomwe zinatifikitsa pa nkhani ya kudula mitengo kumtunda ndi makala amene timawaona panjinga pamsewu wa Thabwa. Mnyamata uja anapempha kuti ndimuthandize kulemba zimene ananena. Sanasanduke katswiri wa kalasi, ndipo pamapeto pake sanasankhidwe. Koma kuyambira pamenepo ankakweza dzanja, ndipo anachoka pa sukulu akudziwa kuwerenga ndiponso akudziwa kuti zimene zili m'mutu mwake zikhoza kuphunzitsa ena.

Funso lake la chilankhulo lija n'lalikulu kuposa mmene timalionera. Ana ambiri a ku Nsanje ndi mbali zina za Chikwawa amakula akulankhula Chisena, ena Chimang'anja, ndipo akafika ku sukulu amakumana ndi Chichewa cha m'mabuku ndi Chingerezi nthawi imodzi. Mwana akayankha molondola koma m'chilankhulo cha amayi ake, anzake n'kuseka, mphunzitsi n'kukhala chete kapena kusekera nawo, phunziro limene walandira tsiku limenelo n'lakuti kwawo kulibe nzeru. Palibe amene akunena kuti asaphunzire Chingerezi, pakuti mayeso ndi ntchito zimachifuna. Koma akhoza kuchiphunzira popanda kuchititsidwa manyazi ndi chake.

Pa nkhani imeneyi Paulo Freire wa ku Brazil amandifika pamtima kuposa anzake a ku America, mwina chifukwa anachokera ku Recife, dera la umphawi ndi minda ya nzimbe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 iye ankaphunzitsa akuluakulu osauka kuwerenga poyambira pa mawu a moyo wawo wa tsiku ndi tsiku, monga njerwa, ndipo pa liwu lililonse ankakambirana za amene amaumba njerwayo ndi amene amagona m'nyumba yake. Asilikali atalanda boma mu 1964 anamutsekera m'ndende, kenako anathawira kunja, zomwe zikusonyeza kuti olamula anamvetsa bwino kumene maphunziro otere amathera. Freire ankadzudzula kaphunzitsidwe kamene anakafanizira ndi banki, pamene mphunzitsi amasungitsa mfundo m'mutu mwa mwana kuti adzazitape tsiku la mayeso. Aliyense amene wamvapo kalasi ikuyankha pamodzi mokweza kuti “inde aphunzitsi” pa chinthu chimene palibe wamva akudziwa chimene ankanena.

Kuno ku Africa mfundo yoyandikira kwambiri funso langa inanenedwa ndi Julius Nyerere mu 1967, pamene analemba za maphunziro odzidalira. Anaona kuti ana ochepa okha a ku Tanzania ndiwo ankapita ku sekondale, koma pulayimale yonse inakonzedwa ngati njira yopitira kumeneko, kotero kuti ambiri ankatuluka akudziona ngati olephera ndiponso akunyoza moyo wa kumudzi umene ankabwererako. Iye anati pulayimale iyenera kukhala maphunziro okwanira paokha. Ndondomeko yake inakumana ndi zovuta zambiri, ndipo makolo sanasiye kufuna kuti ana awo asankhidwe, koma vuto limene analoza likadali lathu. Masiku a msika wa thonje ku Ngabu wogula amayang'ana kuyera kwake, n'kupatula loyera mbali ina ndi lodetsedwa mbali ina, ndipo ntchito yake yathera pomwepo. Sukulu imene imangosankha imachita chimodzimodzi ndi ana, kusiyana kwake n'kwakuti wopatulidwayo amamva ndipo amakumbukira.

Pali pamene ndimasiyana ndi Rogers ndi Maslow. Iwo amalankhula kwambiri za munthu payekha, kudzipeza yekha ndi kufika pachimake pake, ngati kuti munthu amakula atatalikirana ndi ena. Makolo athu amati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo m'chigwa chino mwambi umenewu si wokometsera nkhani chabe. Madzi akabwera usiku, amene amakupulumutsa ndi mnansi amene ali ndi bwato, ndipo amene amakusunga kumtunda ndi wachibale amene nayenso alibe zambiri. Maphunziro amene angatulutse mwana wodzidalira koma wosamva kuti ali ndi ngongole kwa anthu a kwawo sangakhale omanga munthu kuno. Ana athu ankaphunzira kale zambiri za kukhala pamodzi kunja kwa sukulu, ku dimba, kubusa, pa maliro, m'gowelo ndi pa nthano za madzulo, ndipo sukulu yanzeru imayamba yalemekeza zimenezi.

Koma ndisanamizire kuti chikhalidwe chathu chili ndi mayankho onse. Kwathu kuno mwana wabwino ndi wofatsa, wosayankha akulu, wogwada polandira chinthu ndi wosafunsa chifukwa. Ulemu umenewu ndi wokoma, ndipo sindingafune kuti uthe. Vuto limabwera pamene mtsikana wa zaka 15 wauzidwa kuti akwatiwe chifukwa pakhomo pavuta, iye n'kukhala chete poopa kuoneka wamwano. Malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asakwatire kapena kukwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo kuyambira mu 1993 pali ndondomeko yolola mtsikana amene anabereka kubwerera ku sukulu. Koma lamulo limamuthandiza mtsikana amene akudziwa kuti liripo, amene amakhulupirira kuti moyo wake ndi wofunika, ndiponso amene anaphunzirapo kunena kuti “ayi” kwa munthu wamkulu mwaulemu koma mosagwedezeka. Luso limenelo silibwera lokha pa tsiku la vuto. Limakula m'kalasi imene mwana amaloledwa kunena kuti, “Aphunzitsi, pamenepo ine ndikuona mosiyana,” popanda kupatsidwa chibalo.

Makolo ali ndi funso lawo, ndipo si lopusa. Pamsonkhano wina wa makolo ndi aphunzitsi bambo wina wachikulire anaimirira, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti, “Aphunzitsi, zokambirana mukunenazi ife sitikukana, koma ifeyo tikufuna mwanayu akhoze, adzapeze ntchito, adzatichotse m'madzi muno.” Ndinawayankha kuti, “Bambo, zimene mukufunazo nanenso ndikuzifuna.” Kunena zoona, ndingakhale wankhanza nditamana mwana wosauka mpata wokhoza mayeso chifukwa chokonda maganizo a m'mabuku, pakuti kwa iye satifiketi ndiyo khomo lokhalo limene likuoneka. Anthu ena otsutsa maphunziro omanga munthu amanenanso kuti amalekerera ana, amachepetsa khama, ndipo amasiya mwana akusangalala koma osadziwa kuchulukitsa. Pamene zachitika motero, kudzudzulako n'koyenera. Kumulemekeza mwana kumaphatikiza kumuumiriza kuti adziwe kuwerenga, kulemba ndi masamu, chifukwa wosadziwa zimenezi amabedwa pa sikelo ndipo amadinda chala pa chikalata chimene sanachimve. Chimene ndaona n'chakuti mwana amene wamvetsa chifukwa cha chinthu amachikumbukira nthawi yaitali kuposa amene wangoloweza, kotero njira ziwirizi sizilimbana monga mmene timaganizira.

Ndipo mawu a bambo aja oti “adzatichotse m'madzi muno” ali ndi mbali ina. Si onse adzachoke. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira, pansi pa pulogalamu ya Shire Valley Transformation, ikufuna kuti alimi aphatikize minda yawo m'makopaletivu, alembetse malo awo ndi kuchita mapangano ndi ogula. Nkhani yosamuka m'malo osefukira kupita kumtunda nayonso imabwera chaka ndi chaka, ndipo ili ndi mbali ziwiri zolemera, chifukwa kumunsi kuli ngozi koma ndiko kuli nthaka yachonde, nsomba ndi manda a makolo. Zinthu zotere zimafuna anthu otha kuwerenga pangano mpaka kumapeto, kufunsa funso lovuta kwa mlendo wovala bwino, kumva mnzawo wotsutsana naye, ndi kusintha maganizo pamene umboni wawagonjetsa. Palibe pepala la mayeso limene limayesa zimenezi mokwanira.

Boma silinagone pa nkhaniyi, ngati tikunena za papepala. Silabasi ya pulayimale imene inayamba mu 2007 imanena kuti mwana ndiye akhale pakati pa phunziro, ndipo muli maphunziro monga Life Skills ndi Expressive Arts amene cholinga chake n'chomanga munthu. Koma chiyambire 1994, pamene pulayimale inakhala yaulere ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, makalasi ndi aphunzitsi sizinakwanepo. Unduna umafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, pamene m'makalasi a ana aang'ono si chachilendo kupeza oposa 100, ena ali pansi pa mtengo wa nimu, mu Okutobala kutentha kutadutsa madigiri 40. Zikatero “kuika mwana pakati” kumangosanduka kuuza ana kuti akhale m'magulu alangizi a maphunziro akabwera, mmodzi n'kumalemba ena akuyang'ana kumbali. Ndipo pofika Sitandade 8 ngakhale luso la manja ndi nyimbo zimasanduka mafunso a papepala, kotero kuti mwana wa m'dera la ulimba ndi gule wa utse amaloweza maina a zida zoimbira popanda kukhudza n'chimodzi chomwe.

Sindinganene kuti mphunzitsi wa ana 100 akhoza kumudziwa aliyense mmene Rogers ankafunira. Zimenezo zimafuna aphunzitsi ambiri, nyumba zawo ndi malipiro ofika pa nthawi yake, ndipo mphunzitsi amene iye mwini saonedwa ngati munthu amavutika kupereka chimene sakulandira. Koma pali zochepa zimene zili m'manja mwathu. Kudziwa maina kumatheka, ngakhale kutenge teremu yonse. Kusiya kuwerenga malikisi a otsiriza pamaso pa sukulu yonse tsiku lotsekera kumatheka. Kufunsa mwana wochedwa kumene wachokera usanamupatse khasu kumatheka, ndipo nthawi zambiri yankho lake limakhala lakuti amayembekeza madzi atsike kuti awoloke, kapena amapirikitsa mbalame m'munda wa mapira.

M'kalasi yanga ndinapatula piriyodi yomaliza ya Lachisanu kuti ikhale bwalo. Ana amasankha okha nkhani ya m'mudzi, amasankha wapampando, ndipo lamulo n'lakuti usanatsutse mnzako uyambe wabwereza zimene wanena mpaka iye avomereze kuti wamumva bwino. Ine ndimakhala kumbuyo ndipo ndimakweza dzanja ngati wina aliyense, zimene poyamba zinkawaseketsa kwambiri. Masabata ena bwaloli limangokhala phokoso, ndipo atsikana amafunika kuwalimbikitsa kuti asasiyire anyamata mawu onse. Nkhani imene asankha ya sabata ino ndi ya mvuu zimene zikudya chimanga m'madimba: ena akuti ziphedwe chifukwa mabanja agona ndi njala, ena akuti lamulo limateteza nyamazo ndipo madimba ndiwo alowa m'njira yake, ndipo mtsikana wina wapempha kuti tiitane agogo ake adzafotokoze mmene ankatetezera minda kale. Ndawatumizira kale uthenga agogowo, ndipo ayankha kuti abwera dzuwa likapepa.